Makolo a ku Senga Bay m'nyuzipepala zakale: chopezekamo n'chiyani?

Funso lake

Munthu wa ku Senga Bay akafuna kudziwa kumene mtundu wake unachokera, amayambira kwa akuluakulu. Kumeneko amamva kuti agogo anawoloka nyanja kuchokera kutsidya kwa Makanjira, kapena anatsika kumapiri a ku Dowa kudzalima thonje kuchigwa, kapena anabwera pa bwato kuchokera ku Nkhata Bay ndi ku Likoma potsata usipa ndi utaka. Njira amaidziwa bwino, midzi imene anagonamo amaitchula, ngakhalenso dzina la mwini mbumba amene anatsogolera ulendowo. Chovuta n'chaka. Ukafunsa kuti zinachitika liti, yankho limakhala lakuti "njanji isanafike", "nthawi ya nkhondo", kapena "madzi asanamize mudzi wakale".

Apa mpamene nyuzipepala zakale zimafunika. Nyuzipepala ili ndi chinthu chimodzi chimene nkhani yapakamwa ilibe, ndicho tsiku losindikizidwa pamwamba pa tsamba. Komabe funso lakuti kodi ingathandize banja la m'mbali mwa nyanja kupeza mbiri yake lili ndi mbali zitatu zosayenera kuzisakaniza. Kodi mayina a anthu wamba amapezekamo? Kodi zolembedwazo n'zoona? Nanga pepala likasemphana ndi mawu a akuluakulu, titsate ziti?

Funsoli n'lolemera kuno kuposa kumayiko kumene mwana aliyense ankalembedwa m'kaundula pobadwa. M'nthawi ya atsamunda, lamulo lokakamiza kulembetsa kubadwa kwa mwana linkakhudza Azungu ndi Amwenye, osati eni nthaka. Lamulo lokhudza aliyense linadza mu 2010, ndipo zitupa za unzika zinafika kwa anthu ambiri mu 2017. Chinanso, moto umene unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba mu 1919 unawononga makalata ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa Angelezi. Fayilo ya muofesi imakhala imodzi, ikapsa yapsa. Chosindikizidwa chimakhala ndi makope ambiri omwazikana, ena ku Blantyre, ena ku London ndi ku Edinburgh. N'chifukwa chake pa zaka za 1891 mpaka 1919, nyuzipepala ndi magazini a amishoni zimasenza katundu amene kwina amasenzedwa ndi mafayilo a boma.

Ankasindikiza ndani, nanga ankalembera yani

Zoyamba kusindikizidwa m'dziko muno zinali za amishoni. Mishoni ya Blantyre inayamba kutulutsa Life and Work mu 1888, ya UMCA pachilumba cha Likoma inali ndi Nyasa News kuyambira 1893, ndipo ya Livingstonia inatulutsa Aurora mu 1897. Boma linayambitsa British Central Africa Gazette ku Zomba mu 1894. M'zaka zake zoyamba Gazette sinkangolengeza malamulo ayi, inkalembanso nkhani zochokera m'maboma, za nkhondo ndi mafumu, za mvula ndi za malonda. Mu 1895 R.S. Hynde, mzungu wa minda, anayambitsa Central African Planter. Imeneyi inasintha dzina kukhala Central African Times, kenako Nyasaland Times, ndipo ndiyo yatchedwa Daily Times kuyambira 1972.

Owerenga a Nyasaland Times anali Azungu a maesiteti, amalonda ndi ogwira ntchito m'boma, anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi eni dziko. Zimene ankafuna kumva ndizo zimene zinkalembedwa: mitengo ya fodya ndi thonje, kusowa kwa antchito, ndandanda ya sitima, amene wabwera ndi amene wapita kutchuthi ku Ulaya. Munthu wakuda ankalowamo makamaka ngati woimbidwa mlandu, wantchito wothawa, kapena mfumu imene yakondweretsa kapena kukwiyitsa bwana DC. Pochitika ngozi, kawirikawiri Azungu ankatchulidwa mayina pamene anthu akuda ankangowerengedwa. Mawu a munthu wakuda akakhala akuthwa, ankatsekedwa. Kalata imene John Chilembwe analembera nyuzipepalayi mu Novembala 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni, boma linalamula kuti ichotsedwe.

Zosindikizidwa m'Chinyanja zinali pafupiko ndi anthu. Kudera la Salima, yofunika kwambiri ndi Mthenga, magazini ya amishoni a Dutch Reformed imene inayamba mu 1909 ndipo inalowedwa m'malo ndi Kuunika. Amishoniwa anakhazikitsa Mvera kwa Chiwere mu 1889, ndipo sukulu zawo zinafalikira mpaka kuchigwa cha kunyanja. Aphunzitsi, alaliki ndi akulu a mpingo ndiwo anthu akuda amene mayina awo amapezeka msanga m'zolembedwa zotere. Kunalinso Zoona ya m'zaka za m'ma 1920, Msimbi imene boma linayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndi Bwalo la Nyasaland ya m'zaka za m'ma 1950. Amene anapita ku Halale ndi ku Bulawayo ankawerenga ndi kulembera African Weekly ndi Bantu Mirror, ndipo a ku Northern Rhodesia anali ndi Mutende. Masamba a makalata a owerenga m'nyuzipepala zimenezi ndi chuma chenicheni kwa wofufuza, chifukwa wolemba kalata ankasaina dzina lake ndi kumene akukhala.

Ndale zitatentha, Malawi News inabadwa mu 1959 ngati liwu la Malawi Congress Party. Ufulu utabwera, mayina a anthu akuda anadzaza masamba, koma vuto linasintha nkhope. Lamulo lounika zofalitsidwa la 1968 ndiponso kugwidwa kwa nyuzipepala zikuluzikulu m'manja mwa Dr Hastings Kamuzu Banda ndi chipani chake zinachititsa kuti nkhani za njala, za omangidwa popanda mlandu ndi za kudandaula kwa alimi zisatuluke. Boma Lathu inkagawidwa m'midzi kuti ifalitse chitukuko. Magazini ya Moni, imene inayamba mu 1964, ndi Odini ya ku Likuni zinali za Akatolika. Zinthu zinamasuka kuyambira 1992 ndi 1993, pamene nyuzipepala zambirimbiri zinatulukira nthawi ya riferendamu, ina mwa izo The Nation. Zambiri zinafa zisanathe zaka zochepa, ndipo zina zinkalemba mphekesera ngati nkhani.

Mwa ichi, palibe nyengo imene nyuzipepala inali mboni yopanda mbali. Nyengo iliyonse inali ndi zimene inkaona ndi zimene inkatsinzinira.

Senga Bay ndi Salima m'masamba akale

Wofufuza akangofunafuna mawu akuti "Senga Bay" kapena "Salima" m'mapepala a chaka cha 1930 chisanafike, apeza zochepa, n'kuganiza kuti derali silinkalembedwa. Linkalembedwa, koma ndi mayina ena. M'nthawi ya atsamunda chigwachi chinali pansi pa boma la Dowa, ndipo Dowa asanakhale boma payekha chinali m'dera lotchedwa Central Angoniland. Doko lodziwika linali Domira Bay. M'zolembedwa za m'nthawi ya Harry Johnston mumapezeka Leopard Bay ndi Rifu, chakumpoto kwa Senga Bay, kumene zombo zochokera kutsidya zinkakocheza. Nkhotakota ankailemba Kota Kota, Mangochi anali Fort Johnston, nyanja inali Lake Nyasa.

Pali misampha iwiri imene imakola ambiri. Woyamba ndi dzina la Livingstonia. Hotelo yakale ya pa Senga Bay, imene lero ndi Sunbird Livingstonia Beach, inkatchedwa Grand Beach Hotel. Amene afunafuna "Livingstonia" m'nyuzipepala zakale akafika ku Cape Maclear kumene mishoni inayambira mu 1875, ku Bandawe kumene inasamukira mu 1881, kapena ku Khondowe m'boma la Rumphi, osati ku Salima. Msampha wina ndi dzina la Makanjira. Makanjira amene anamenyana ndi asilikali a Johnston, nkhondo imene Captain Cecil Maguire anaferapo mu Disembala 1891, anali wa kutsidya la kum'mawa, m'boma la Mangochi la lero. Ku Salima kulinso ufumu wa Makanjira, wa ku Chikombe, umene umasamalira chilumba cha Mbenje. Nkhani yotchula Makanjira imafunika kuiwerenga mpaka uone gombe limene ikunena.

Zimene zimapezeka zambiri ndi zochitika zazikulu zimene zinagwedeza mabanja onse nthawi imodzi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1910, matenda a kaodzera anachititsa boma kutchinga dera la kufupi ndi Domira Bay ndi kuletsa anthu kuyenda mwachisawawa, ndipo gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Sir David Bruce linamanga msasa pa phiri la Kasu kufufuza matendawa kuyambira 1912. Banja limene limakumbukira kuti linasamuka chifukwa cha kashembe ndi kaodzera lingapeze zaka zake pamenepa. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935. Cholinga choyamba chinali choti ikafike ku Domira Bay, koma inathera pa Salima, doko la sitima zapamadzi n'kukhala Chipoka. Zotsatira zake zinali zazikulu. Domira Bay inazilala, tauni ya Salima inakula potsitsira ndi kukwezera katundu wa ku Lilongwe, ndipo gombe la Senga Bay, lomwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20, linayamba kufikika kwa Azungu opuma tchuthi. Ntchito zatsopano zinabadwa: ukhukhi, ulonda, kuchapa, kupalasa maboti, kugulitsa nsomba kusiteshoni.

Nyanja nayo ili ndi mbiri yolembedwa. Madzi anatsika kwambiri cha m'ma 1915, mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutuluka bwino m'nyanja kwa zaka pafupifupi 20. Anakweranso m'zaka za m'ma 1930, anafika pamwamba zedi mu 1980, ndipo mu 2024 analowanso m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mbali mwa gombe. Choncho mkulu akaloza pamadzi n'kunena kuti munda wa bambo ake unali uko, sakulota. Zizindikiro zina za nthawi ziliponso. Pali ntchito yachitukuko ya ulimi wa thonje ndi mpunga imene dziko la West Germany linathandiza ku Salima kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, imene inakoka alimi a m'maboma ena. Pali njanji ya Salima kupita ku Lilongwe ya mu 1979, chivomezi cha mu Malichi 1989, ndi njala ya 2002 imene inasautsa Salima koopsa.

Wowerenga aone kuti pafupifupi chizindikiro chilichonse chili ndi mapasa. Njanji inafika mu 1935, inapitiriranso mu 1979. Nkhondo ilipo ya Chiwaya ya 1914 mpaka 1918, iliponso ya 1939 mpaka 1945. Njala ilipo ya 1949, iliponso ya 2002. Madzi anakwera katatu. Nkhani ikadutsa pakamwa pa mibadwo itatu, zochitika ziwiri zofanana zimakonda kuphatikizana kukhala chimodzi. Ntchito yaikulu ya nyuzipepala ndi kuzilekanitsa.

Chifukwa chake dzina la agogo limasowa

Nyuzipepala yakale ili ngati khoka la maso akuluakulu: kampango amakodwa, usipa umapulumuka. Mafumu, mashehe otchuka, abusa, akalaliki a m'boma, asilikali olandira mendulo ndi oimbidwa milandu yaikulu ndiwo amakodwa. Msodzi wa pa Nguwo, mayi woyanika nsomba pathandala, mlimi wa mpunga ku Lifuwu, sanali nkhani kwa mkonzi wa ku Blantyre.

Ku Senga Bay kuli chifukwa china chapadera. Anthu ambiri a m'dera la mfumu Maganga ndi Ayao Achisilamu. M'nthawi ya atsamunda pafupifupi sukulu zonse zinali za mipingo, ndipo makolo Achisilamu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akabwera atabatizidwa. Ana ankaphunzira kumadrasa, ena n'kudziwa kulemba ndi zilembo za Chiarabu, koma ophunzira Chingelezi ndi Chinyanja cha m'mabuku anali ochepa. Olembera nyuzipepala makalata nawonso anali ochepa. Magazini a amishoni akamatchula Asilamu, ankawatchula ngati chopinga cha uthenga wawo. Zotsatira zake n'zakuti banja la ku Mvera la mphunzitsi wa sukulu ya mishoni lingapeze agogo awo m'pepala la 1925, pamene banja la pagombe, lokhala pamalopo kuyambira kale, silipezamo kanthu.

Ngakhale munthu atalembedwa, kumuzindikira n'kovuta. Munthu mmodzi ankakhala ndi dzina laubwana, lina la kujando kapena kuchinamwali, lina la kumzikiti kapena la ubatizo, ndi lina limene kapitawo anamulembera pa chitupa cha ku Wenela kapena ku Mthandizi. Ena ankasintha dala dzina ndi mudzi pozemba msonkho. Mfunda wokha, monga Banda, Phiri, Mbewe kapena Milanzi, suthandiza kwenikweni chifukwa eni ake ndi masauzande. Komanso Achewa ndi Ayao amawerenga mbumba potsata kuchikazi, pamene kalaliki wa boma ankafunsa dzina la bambo. Mzere umene banja limakumbukira, wa amayi ndi atsibweni, si umene pepala linatsata. Akazi, amene ndiwo mizati ya mbumba, ndiwonso amasowa kwambiri m'masamba.

Pali kulowa dzina. Maganga, Pemba, Ndindi, Kuluunda, ndi mayina a mipando. Maganga wa m'nkhani ya 1935 ndi Maganga wa m'nkhani ya 1975 angakhale anthu awiri, ndipo wosasamala angapatse munthu mmodzi zaka zoposa 100 zaufumu.

Pomaliza pali wailesi. M'mayiko ena, zolengeza maliro m'nyuzipepala ndiye gwero lalikulu la mbiri ya mabanja. Kuno, kwa zaka zambiri, maliro ankalengezedwa pa mauthenga achisoni a MBC, ndipo mawu a pa wailesi sasiya tsamba loti mdzukulu adzatsegule.

Kusiyana maganizo

Akatswiri ndi anthu wamba omwe amagawikana pa kulemera kwa pepala. Gulu lina limati cholembedwa nthawi yomweyo ndicho chodalirika, chifukwa sichisintha, pamene nkhani yapakamwa imakonzedwa ndi wofotokoza aliyense malinga ndi zimene akufuna lero, makamaka pakakhala mkangano wa malo kapena wa ufumu. Mfundoyi ili ndi mphamvu. Palibe amene angabwerere ku 1935 kukasintha tsamba kuti likomere mlandu wa chaka chino.

Gulu lina limayankha kuti kusasintha si kunena zoona. Bodza losindikizidwa nalonso silisintha. Zitsanzo zake m'dziko muno n'zodziwika. Mu 1959, nthawi ya chipwirikiti cha pa 3 Malichi, boma ndi nyuzipepala za Azungu zinafalitsa kuti a Congress anakonza chiwembu chopha Azungu, koma kafukufuku wa woweruza Devlin sanapeze dongosolo lotero monga linkanenedwera. Mu Meyi 1983 zofalitsa nkhani zinati Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, koma kafukufuku wa mu 1994 anapeza kuti anachita kuphedwa. Anthu m'midzi ankanong'onezana zoona zake pamene pepala linkanama. A gulu ili amakumbutsanso kuti mbiri ya Achewa ndi Ayao inayamba kulembedwa kuchokera pakamwa pa akuluakulu: Yohanna Abdallah anatulutsa buku la mbiri ya Ayao mu 1919, Samuel Josia Ntara analemba Mbiri ya Achewa, ndipo Kings Phiri ndi ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'midzi kujambula mawu a nkhalamba. Jan Vansina, katswiri wa ku Belgium, anaonetsa kuti nkhani yapakamwa ingayesedwe ndi kupimidwa monga mmene amapimira chikalata.

Ofufuza ambiri lero amagwiritsa ntchito zonse ziwiri, koma mosiyanitsa ntchito zake. John McCracken polemba za usodzi wa m'nthawi ya atsamunda, ndi Megan Vaughan polemba za njala ya 1949, anaonetsa kuti cholembedwa ndi Mzungu chingaulule zimene mwini wake sankafuna kunena. Mzungu wa esiteti akamadandaula m'nyuzipepala kuti anthu a kunyanja ndi aulesi, safuna ntchito, wowerenga wanzeru amamva china: anthuwo ankapeza ya msonkho pogulitsa nsomba kapena thonje lawo, motero sankasowa kukagwira thangata. Kugwiritsa ntchito zonse ziwiri ndilo ganizo loyenera kutsatidwa. Pa tsiku, pa mtengo wa zinthu, pa dzina la lamulo, pepala limapambana. Pa ubale, pa chifukwa chosamukira, pa amene anakwatira yani, akuluakulu amapambana kutali.

Chotsala chokanganirana ndi tanthauzo la kukhala chete. Ngati mudzi sukutchulidwa m'pepala lililonse chisanafike chaka chakutichakuti, kodi ndiye kuti kunalibe? Ena amagwiritsa ntchito mfundo yotere pa milandu ya malo a m'mbali mwa nyanja, amene mtengo wake wakwera chifukwa cha mahotelo ndi nyumba zopumirako. Mfundoyi n'njofooka. Mwambo wotseka ndi kutsegula usodzi pa chilumba cha Mbenje unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo chiyambi chake chimasungidwa makamaka pakamwa pa eni ake, ngakhale kuti masiku ano atolankhani amapitako chaka ndi chaka. Chinthu chingathe kukhalapo zaka makumi ambiri mtolankhani asanachione.

Kumene mapepalawa ali, ndi kagwiritsidwe kake

Nkhokwe yaikulu ndi National Archives of Malawi ku Zomba, imene inayamba mu 1947. Lamulo limafuna kuti chosindikizidwa m'dziko muno chisiyidwe kope kumeneko. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ili m'nyumba ya Mandala, ndipo magazini ya bungweli, imene inayamba mu 1948 ndi dzina la Nyasaland Journal, ili ndi nkhani zambiri za nyanja ndi madoko ake. Laibulale ya University of Malawi ku Zomba ili ndi gawo la zolembedwa za Malawi. Za mpingo wa CCAP m'derali zimafunsidwa ku Nkhoma. Pa intaneti, makope a Central African Times ndi Nyasaland Times a chisanafike chaka cha 1923 anajambulidwa ndi kampani ya Readex, koma amawerengedwa kudzera m'malaibulale olipira. Za m'Chinyanja, zimene zili ndi mayina a anthu athu, zambiri zimafunabe kuti munthu akwere basi.

Amene sanaonepo nyuzipepala yakale adziwiretu mmene imakhalira. Makope a miyezi ingapo amasokedwa pamodzi kukhala chibuku cholemera. Pepala lake n'lofiirira ndipo limathetheka popindika. Zilembo n'zing'onozing'ono, mizere yothithikana, zithunzi zochepa. Palibe mlozera wa mayina. Nkhani ya ku Dowa ingakhale mizere isanu yokha, yopanikizika pakati pa malonda a sitolo ya Mandala ndi zotsatira za mpira wa Azungu. Ngakhale pa makope a pakompyuta, makina owerenga zilembo amaphonya mayina achikuda pamene inki inafufutika, choncho kusapeza dzina pofufuza ndi makina si umboni wakuti mulibe.

N'chifukwa chake ulendo wa ku Zomba umayambira pakhonde la agogo. Wofufuza afunse mayina onse a munthuyo, mfunda, mudzi, nyakwawa ya nthawiyo, ntchito, ndi zochitika zimene moyo wake unagundana nazo. Tiyerekeze kuti banja limakumbukira gogo wina amene anatha msinkhu chaka chimene sitima yapamtunda inayamba kulira ku Salima, ndipo mwana wake wachiwiri anabadwa mwamuna wake ali kunkhondo ku Burma. Njanji ikupereka 1935, choncho gogoyo anabadwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Asilikali a King's African Rifles anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ndi 1945, choncho kubadwa kwa mwanayo kwapanikizidwa m'zaka zochepa. Tsopano wofufuza sakupempha nyuzipepala za zaka 60, akupempha za miyezi yowerengeka. Chimodzimodzi banja limene bambo wake anabwerako ku Joni "ulendo utatsekedwa" lili ndi poyambira: ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Banda anaimitsa kulemba anthu a kumigodi.

Masamba opindulitsa kwambiri si oyamba ayi. Ndi a kumapeto ndi a pakati: makalata a owerenga, milandu ya kukhoti, zidziwitso za chuma cha masiye, za kusintha dzina, mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite, ndi zolengeza za boma m'Gazette zokhudza malo ndi mafumu. Chilichonse chopezeka chijambulidwe pamodzi ndi dzina la nyuzipepala, tsiku ndi nambala ya tsamba, ngati eni nkhokwe alola kujambula. Chidutswa chopanda tsiku chataya chinthu chokhacho chimene chinachititsa kuti chifunidwe. Kenako chopezekacho chibwerere kumudzi kukawerengedwa pamaso pa akuluakulu, chifukwa dzina la DC kapena la sitima limatha kutsegula nkhani zimene mkulu anali ataiwala. Nyuzipepala iyendenso limodzi ndi zolembedwa zina: mabuku a ma DC ofotokoza mafumu ndi midzi, kaundula wa ubatizo, zitupa zakale za m'sutikesi, ndi zolembedwa pa ziliza.

Pamene chopezeka chili chowawa

Pa nkhani za ufumu pamafunika kusamala kwapadera. Lamulo la 1912 linakhazikitsa mafumu akuluakulu ovomerezedwa ndi boma, ndipo la 1933 linawapatsa mphamvu zoweruza ndi kulamulira. Posankha, atsamunda ankayang'ana amene angawathandize kutolera msonkho, ndipo nthawi zina ankakweza wina n'kusiya amene anthu ankamuona ngati wamkulu. Chidziwitso cha m'Gazette chimatsimikiza amene boma linamuvomereza chaka chimenecho. Sichinena amene mbumba inamusankha, kapena amene anayamba kufika pamalopo.

Gombe la Salima linalinso njira ya malonda a akapolo m'zaka za m'ma 1800. M'midzi imodzimodziyo mukukhala zidzukulu za ogula, za ogulitsa ndi za ogulidwa, zambiri zitakwatirana kalekale. Mabanja ena anasankha dala kusakamba za chiyambi chawo, ndipo mzere umodzi wa m'Gazette ya 1895 kapena m'magazini ya amishoni ungavundukule zimenezo. Chimodzimodzi nkhani ya kukhoti yotchula agogo pa mlandu wakuba, wa ufiti kapena wa chigololo, yolembedwa ndi mtolankhani amene anangomva mbali imodzi kudzera mwa womasulira. Ana ndi adzukulu a otchulidwawo ali moyo, ena akupemphera mumzikiti umodzi ndi wofufuzayo. Zopezeka zotere zimayamba zaonetsedwa kwa mwini mbumba ndi kwa amayi akuluakulu a pabanjapo, iwo n'kunena ngati ziyenera kufika pa gulu la WhatsApp la achibale kapena zikhale kaye m'sutikesi.